Nyenje ya M'khutu ndi Manda a Apongozi Anga

Chizindikiro choyamba chinabwera m'nyengo yokolola, chaka chimene tinavota kachiwiri chibwerereni zipani zambiri. Ndinkagwira ntchito pa chigayo cha dizilo ku Chiringa, ndipo inali nthawi imene amayi amafola ndi madengu a chimanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lina nditazimitsa injini, phokoso silinathe. Linatsalira m'khutu la kumanzere, laling'ono koma losalekeza, ngati kulira kwa nyenje m'chilimwe. Ndinapalasa njinga kupita kunyumba nyenjeyo ili nane, ndinagona nayo, ndinadzukanso nayo.

Nditamuuza mwini chigayo, anangoseka. Anati aliyense wa pachigayo makutu amalira, ndisadzipangitse khanda. Ndinamumvera poti ndiye ankandidyetsa. Mkazi wanga Felisita anandidonthezera mafuta ophikira m'khutu, koma sizinathandize. Ndinapitiriza kugaya mpaka mvula inagwa, ndipo pofika pamenepo khutu la kumanja nalo linali litayamba.

Kenako kunabwera chinthu choipa kuposa kulirako. Phokoso wamba linayamba kundipweteka. Mbale zikagundana potsuka, ndinkamva ngati wina wandibaya ndi singano m'kati mwa mutu. Belu la njinga, tambala, ngakhale kuseka kwa mkazi wanga yemwe, zonse zinasanduka adani. Ndinasiya ntchito, ndipo mwini chigayo anapeza wina tsiku lomwelo. Ndinkakhala m'nyumba nditatseka makutu ndi thonje, wokwiya ndi aliyense.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Jenala, koma ndinakwatira kufupi ndi Chiringa ndipo ndimakhala pamudzi pa mkazi wanga. Kumeneko mwamuna aliyense wamphamvu zake ndi mdzukulu, kutanthauza kuti maliro akachitika amanyamula khasu kukakumba manda. Wojomba kumaliro a anzake amadziwa chimene chimamudikira: tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pake, adzukulu adzakhala pansi. Apongozi anga, amayi ake a Felisita, anali akudwala chifuwa kwa nthawi yaitali, ndipo tonse tinkaona kumene zikupita.

Atamwalira bambo wina woyandikana nafe, ndinadzikakamiza kupita. Kulira kwa amayi ndinakupirira nditaluma mano. Koma atayamba kukhomera misomali pabokosi, hamala itagunda kachiwiri, ndinapezeka ndikuthamangira m'chinangwa manja ali kumakutu, anthu onse akuona. Ndinasanza kumeneko. Maliro otsatira sindinapiteko, ndi enanso pambuyo pake. Ndinatuma uthenga kwa a Muhiwa, mkulu wa adzukulu, kuti ndikudwala makutu. Yankho lawo linandipeza kudzera kwa mkazi wanga: wodwala makutu amatuluka mafinya, pamene ine akundiona ndikulima kudimba bwinobwino. Zinali zoona, ndinkalima, poti kudimba ndi kumene kunali bata. Felisita sanandidzudzule. Anangondifunsa kamodzi akusenda chinangwa kuti, "Nanga amayi akatisiya, adzawakumbira ndani?"

Ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi mudziwo anandiunika ndi tochi, napeza kuti m'khutu mulibe bala kapena mafinya. Anandipatsa panado. Nditabwererako kangapo, anandilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Ulendo wa pamatola unali chilango pawokha, malata a galimoto akugwedera njira yonse. Kumeneko odwala tinkafika m'bandakucha, kulandira nambala, ndi kukhala pabenchi. Mzere ukasuntha, tonse tinkasuntha ndi matako. Ana ankalira, matrole onyamulira odwala ankadutsa akulira mawilo, ine nditaweramira pansi thukuta lili kamukamu. Tsiku loyamba ndinabwerera osaonedwa chifukwa odwala tinachuluka.

Dokotala amene anandiona mawa lake anandiveka zomvera kumakutu, nandiuza kukweza dzanja ndikamva kaphokoso. Atamaliza anati, "Bambo, injini yawononga timitsempha ta m'kati mwenimweni. Mukanabwera kutangoyamba n'kusiya phokosolo, bwenzi zisanafike apa. Mankhwala ochotseratu kulirako palibe, koma kupwetekaku kumatha pang'onopang'ono." Anandiletsa kukhala ndi thonje m'makutu tsiku lonse, nati khutu lobisidwa limanka liopa phokoso. Ndiziika thonje pamalo aphokoso lalikulu pokha, ndipo kunyumba ndizitsegula wailesi motsitsa kwambiri, n'kumakweza pang'ono masabata akamapita. Anandipatsanso mapiritsi ondithandiza kugona.

Ndinabwerera ndi mtima wowawa. Ndinkafuna jekeseni, kapena bandeji yaikulu yoti a Muhiwa aione. M'malo mwake ndinabwera ndi malangizo omvera wailesi, ndipo mudzi utamva unapeza choseka. Ankati mkamwini wa kwa Felisita wapeza matenda abwino, mankhwala ake ndi nyimbo.

Komabe ndinatsatira. Ndinayamba ndi wailesi ili kuchipinda china. Kenako ndinayamba kukhala pafupi mkazi wanga akamatsuka mbale. Mvula yotsatira isanathe ndinatha kulowa mumsika wa ku Chiringa cha kumapeto, anthu atachepa. Masiku ena zinkabwerera m'mbuyo, makamaka ndikapsa mtima kapena ndikalephera kugona. Kutchalitchi ndinkakhala panja pansi pa mtengo. Ndinali nditaganiza kuti maliro otsatira ndipitako ndithu, ndikaime chapatali ndi khasu langa kuti andione. Maliro otsatirawo anali a apongozi anga.

Anamwalira m'mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa. M'mawa adzukulu anabwera onse, makasu ndi mapiki ali paphewa. Atafika kumanda anaika zida pansi, nakhala pamthunzi. A Muhiwa anandiyang'ana nati, "Akamwini, ayambe ndi inuyo. Ife tiziona kaye mmene amakumbira anthu odwala makutu." Ndinawapempha. Ndinagwada, ine bambo wa ana atatu, n'kuwauza kuti cholakwa ndi changa, osati cha mayi amene wagona kunyumba uja, yemwe anaphikira maliro a mudzi wonse moyo wake wonse. Iwo anakhalabe pamthunzi paja.

Ndinatenga piki. Mandawo ali kumunsi kwa phiri, kumene nthaka ndi ya miyala, ndipo piki ikamenya mwala, ululu unkalowa kukhutu n'kutsikira m'mano. Ndinaika thonje, koma silinatchinge kanthu. Ndinakumba ndekha mpaka dzuwa linafika pamutu, dzenje lili m'mawondo. Misozi inkatuluka yokha, ndipo ena ankayesa ndikulira apongozi. Kunyumba thupi linali kudikira m'chipinda chotentha, alendo ochokera kutali akuyang'ana dzuwa. Adzukulu anadzuka dzenje litafika m'chiuno, atakhutira kuti ndalangidwa mokwanira. Tinaika maliro dzuwa likulowa, akwaya ndi alendo ambiri atapita kale.

Tsiku limenelo linandibweza m'mbuyo kwambiri. Ndinakhalanso m'nyumba masabata ambiri, ndipo ndinayambiranso ndi wailesi ya kuchipinda china. Nditabwerera ku Blantyre, dokotala anati zoterezi zimachitika, ndisataye mtima. Zinanditengera nthawi yaitali kuposa poyamba, koma kupweteka kuja kunatha ndithu.

Lero ndimalima fodya ndi nandolo. Mumsika ndimalowa nthawi iliyonse, kutchalitchi ndimakhala m'kati, ndipo manda ndimakumba nawo. Khutu la kumanzere silimva bwino, kulira kuja kukadalipo koma masiku ambiri ndimakuiwala. Pafupi ndi chigayo sindiima.

Kwa inu ogwira ntchito pa injini, khutu likayamba kulira mutazimitsa makina, pitani kuchipatala sabata yomweyo, musafunse bwana wanu. Ndipo popita tenganiko munthu mmodzi wa m'mudzi, akamve yekha pakamwa pa dokotala, chifukwa kwathu kuno matenda opanda bala sawakhulupirira. Ine ndinapita mochedwa, ndiponso ndekha. A Muhiwa timapatsana moni, koma sindinawakhululukire ndipo sindinamizira kuti ndinatero. Felisita sananditchulirepo za tsiku lija ngakhale kamodzi. Amangoti akapita kumaliro a ena n'kuona bokosi likutsika masana, anthu ali odzaza ndipo kwaya ikuimba, amabwera kunyumba osadya.