Tsiku Loika a Pilato, Janeti Anali pa Lole

Janeti Sungani anabadwira m'nyumba za kampani, pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa Chitakale. Makolo ake anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ndipo m'nyumba ankalankhula Chilomwe. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba kuthyola tiyi akadali mtsikana, dengu kumsana, mame m'miyendo. Chuma chake chinali mawu basi. Akayambitsa nyimbo m'munda, ngakhale kapitawo ankaiwala kukalipa.

Amene anamutola anali a Elson Pilato, mphunzitsi wa pa sukulu ya mpingo, munthu wamfupi wovutika ndi mphumu. Za nyimbo anaphunzira kwa amishoni, koma sanakhutire nazo. Ankati nyimbo za m'buku anthu amaziimba ngati avala nsapato zobwereka. Choncho Loweruka ankapalasa njinga mpaka ku Nkando ndi midzi ya m'malire, kukakhala pafupi ndi amayi osinja kapena nkhalamba za pa maliro, kumangomvetsera. Akabwerako ankaika mawu a Mulungu m'maimbidwe amene anamvawo, n'kuphunzitsa kwaya. Akulu a mpingo poyamba ankang'ung'udza, koma tchalitchi chitayamba kudzaza anakhala chete.

"Iwe Janeti, mawu uli nawo," ankatero aphunzitsiwo, "koma umathamanga nawo ngati mvula ikukupitikitsa. Puma kaye. Mulungu sakuthawa."

Nyimbo imene inatchuka kwambiri anaitola kwa gogo wina amene anawoloka Ruo ali wamng'ono, pothawa thangata la Apwitikizi. Woyambitsa ankafunsa kuti, "Ndani anatiwolotsa?" ndipo kwaya yonse inkayankha kuti, "Ndi Muluku yekha," ndiye kuti Mulungu m'Chilomwe. Woyambitsayo anali Janeti. Anaiimba pa maukwati, pa maliro, ngakhale pa ukwati wake womwe, pamene anakwatiwa ndi Morris, wogwira ntchito mu fakitale ya tiyi.

Mawu okoma aja ndiwo anamuika Janeti m'khola. Mayi Estele, tcheyamani wa amayi a chipani m'deralo, anamulemba m'gulu la ovina pa misonkhano, ndipo masiku amenewo kukana kunalibe. Kenako mayiwo anapita kusukulu kukapempha a Pilato kuti asinthe nyimbo ija, pa dzina la Mulungu paikidwe la mtsogoleri wa dziko.

"Amayi, ndikupekerani ina yokoma kuposa imeneyi," anayankha a Pilato mwaulemu. "Koma iyi ili ndi mwini wake kale."

Mawuwo anayenda, ndipo kumene anakafika anali atamera nyanga. M'mawa wina kunabwera galimoto, anthu ake n'kuwatulutsa aphunzitsi m'kalasi choko chili m'manja. Kumene anawatengera palibe anafunsa. Kwaya inasiya nyimbo zawo zonse n'kubwerera ku za m'buku. Koma nyimbo ya kuwoloka ija sinafe. Amayi a chipani anaisintha okha, ndipo woyambitsa anali Janeti yemwe uja.

A Pilato anabwerako patapita nthawi yaitali, miyendo itatupa, mawu atatha, ntchito itawathera. Anakakhala kwa mlongo wawo m'mbali mwa njira yokwera ku Chambe. Anthu ankadutsa pamenepo maso ali kwina. Tsiku lina Janeti, pochokera kotola nkhuni, anawaona pakhonde atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Anaima, mtolo uli pamutu.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Anamuyang'ana kanthawi, n'kumwetulira. "Ndikumva wayamba kupuma bwino poimba," anatero monong'ona. "Pita, mwanawe. Usaime pano."

Anapitadi. Kunali kuonana kwawo komaliza.

Uthenga wa maliro a aphunzitsiwo unafika m'munda wa tiyi, kuchokera pakamwa kupita pakhutu. Janeti anapitiriza kuthyola, masamba osawaona bwino. Madzulo ake mayi Estele anafika pakhomo kudzanena kuti mawa kuli msonkhano waukulu ku boma, lole ifika m'mawa, aliyense avale nsalu yake ya chipani.

"Mawa ndiye akuika aphunzitsi," anatero Janeti.

"Ndamva," anayankha mayi Estele, akuyang'ana pansi. "Inenso akandifunsa kuti woyambitsa ali kuti, ndikayankha chiyani? Ndili ndi ana ngati inu."

Atachoka, Morris analankhula motsitsa mawu. "Amake Lily, nyumba ino ndi ya kampani. Mukakaoneka kumaliro kuja, ntchito yanga yatha, ndipo kumudzi tilibe ngakhale mzere umodzi wolima. Tikalowera kuti?"

Janeti ankadziwa kuti Morris sankanama.

Lole inadzaza amayi, onse nsalu zofanana. Msewu wake unkadutsa pafupi ndi manda. Ali pamwamba pa lole, Janeti anaona bokosi litanyamulidwa ndi achibale ochepa, m'busa ali patsogolo, popanda kwaya. Munthu amene anaimbitsa maliro a dera lonse ankapita kumanda mwakachetechete. Ambiri mwa amayi a pa lolewo anali ophunzira ake, ndipo onse anangoti zii. Mnyamata wa chipani amene anakhala pamwamba pa mutu wa lole anatembenuka.

"Bwanji mwakhala chete? Nanunso muli pa maliro?"

Mayi Estele anagwira Janeti pamkono. "Yambitsani," anatero.

Janeti anakoka mpweya mmene anaphunzitsidwira, n'kuponya funso lija mokweza, kuti limveke mpaka kumanda. Amayi anayankha ndi mawu a chipani, m'manja mukuwombedwa. Onyamula bokosi anaima pang'ono, kenako anapitirira. Ku boma anavina tsiku lonse, ndipo akuluakulu anayamikira kuti woyambitsa wa ku Chitakale amaimba mpaka misozi.

Kwaya anaisiya chaka chomwecho, akunamizira chifuwa. Gulu la chipani lokha silinkasiyika. Anayambitsa nyimbo imeneyo pa misonkhano yosawerengeka, mpaka imvi zinayamba kutuluka m'mphepete mwa duku. Kumanda kuja sanapiteko, chifukwa mlonda wa esiteti ankaona aliyense wolowera njira imeneyo.

Lily, mwana wa Janeti, anatengera mawu a mayi ake. Ankaiimba nyimboyo posesa pabwalo, ndi mawu a chipani amene anaphunzira kusukulu. Tsiku lina anafunsa kuti, "Amayi, nyimbo imeneyi anapeka ndani?"

Janeti anayang'ana khomo la oyandikana nawo, limene linali lotsegula. Mwana akadziwa chinthu amakachiimba panja.

"Ndi yakale," anatero. "Malizitsa kusesa, uchedwa kusukulu."