Ankolo Amene Munalibe M'buku

Chaka chimene ndinali mu giredi naini, atsikana a m'kalasi mwathu tinali ndi mnzathu amene sankavala yunifomu, sankabwera pa asembule, koma tinkamutchula kuposa aphunzitsi onse. Ankakhala m'buku. Bukulo ndinagula ndine, kwa abambo ena amene ankayala mabuku akale pansi m'tauni, kufupi ndi Cairo Road, pakati pa wogulitsa malamba ndi wogulitsa mabatire. Chikuto chinali chong'ambika, masamba atachita chikasu, ndipo linkanunkha chinyontho.

Mtsikana wa m'bukumo anali wa msinkhu wathu, wa kudziko lozizira. Mlongo wake wamwamuna anasowa, akuluakulu onse nkumuuza kuti aiwale, iye nkukana, nkukwera sitima yekhayekha kukamufuna. Ankadya zikhadabo, ankayankha mwamwano, ndipo akachita mantha ankanena poyera kuti ndikuopa, koma nkumapitabe. Ife zimenezo zinatitenga mtima. Kwathu mtsikana akayankha wamkulu, mbama inali pafupi, ndiye zinali ngati iyeyo akutiyankhira tonse. Dzina lake linali lovuta pakamwa, choncho tinkangoti uja wathu. Wina akakana kusesa m'malo mwa pirifekiti, tinkanong'onezana kuti lero uja wathu wamulowa.

Ine monga mwini buku ndinkayenda mapewa m'mwamba. Ndinali nditaliwerenga mpaka kuliloweza, ndipo aliyense wobwereka ankati akamabweza ndinkayamba ndamufunsa mafunso kuti ndione ngati wawerengadi. Ndinali wotopetsa, anzanga ankandiuza, koma buku linali limodzi, akanapita kuti?

Womaliza kubwereka anali mtsikana wina wofatsa wochokera ku Petauke. Ankasungidwa ku Chelstone ndi mng'ono wa amayi ake, amene iye ankawatchula kuti ba anti. Antiwo anali nesi, ndipo nthawi zambiri ankagwira ya usiku. Amuna awo ankagwira ntchito m'tauni, ndiye ankamusiya pa geti m'mawa ndi kudzamutenga masana pa galimoto yoyera. Ife opanikizana m'minibasi ndi madengu a tomato tinkasilira kwabasi. Tikaweruka ndinkakhala naye pansi pa mtengo wa jakaranda wa pa geti kudikira galimotoyo. Kunena zoona poyamba sichinali chikondi, ndinkangothawa mbale zondidikira kwathu ku Kabwata.

Tsiku lina tili pamenepo, iye buku lili pamiyendo, anangoyamba.

"Iwe, paja pamene ba ankolo bake banachosa loko ku chiseko chake, ine ninayopa kwambili."

"Ba ankolo bati?" ndinatero. "Mu buku muja mulibe ba ankolo."

"Balimo. Waibala chabe."

Ndinapsa mtima. Ine kuiwala? Ndinamuuza kuti ngati Chingerezi chamukanika angonena, m'malo momapeka zake. Anangopinda kangodya ka tsamba nkukawongola, kukapinda nkukawongola, mpaka ndinamumenya dzanja kuti andiwonongera buku.

M'mawa mwake anabwera ndi zina. Akuti uja wathu tsopano amagona atavala jinzi. Mkuja akuti uja wathu amasamba nthawi ya sukulu ikayandikira, mothamanga, chifukwa chitseko cha kubafa nacho sichitsekeka. Ine ndinkangomuseka ndi kumuuza kuti akalembe lake buku. Ndinafika pofuna kulilanda, koma analigwira pachifuwa nkundipempha kuti ndimusiyire pang'ono, sanamalize.

Ndiye kunabwera tsiku la ndowa. Anati uja wathu wapeza nzeru: amaika ndowa yachitsulo kuseri kwa chitseko, masupuni ali m'kati, kuti munthu akakankha imveke.

"Ndowa?" ndinaseka. "Ku bazungu kuja, manzi yali mu nyumba, ndowa aichosa kuti?"

Iye sanaseke. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita, nkundifunsa motsitsa mawu.

"Manje uja watu akauza ba anti bake, uganiza bangamumvele?"

M'buku munalibenso anti. Ndisanatsegule pakamwa, hutala inalira pamsewu, mnzanga nkudzidzimuka mpaka buku kugwa pansi. Analitola, nkupita ku galimoto. Ndinamuona akugwira chitseko chakumbuyo, koma ankolo ake, amuna a anti aja, anawerama m'katimo nkumutsegulira chakutsogolo. Anaima kanthawi, kenako analowa, chikwama atachikumbatira. Pamenepo ndi pamene ndinamva zonse zimene ankandiuza masiku onsewo.

Ndinachita mantha amene sindinawadziwepo. M'minibasi kondakitala anachita kundikodola kuti tafika pa msika wa Kabwata. Kunyumba chakudya sichinatsike. Ndinkafuna kuuza munthu, koma ndinena kuti chiyani? Mnzanga sanandiuze kanthu za iye. Anandiuza za mtsikana wa m'buku. Ndipo ine ndinali mwana, woti ndikatchula munthu wamkulu wa galimoto ndi tayi pa nkhani ngati imeneyo, woyamba kufunsidwa ndikanakhala ineyo, kuti zoterezi wazidziwira kuti.

Ndinasiya kumutsutsa. Akayamba, ndinkangoti eya, ndakumbukira, nanga kenako uja wathu anatani? Masana aliwonse ndinkamuperekeza ndi maso mpaka galimoto itakhota, ndipo m'mawa uliwonse ndinkafika msanga kuti ndione ngati watsika, ndi mmene akuyendera. Usiku umene ndinkadziwa kuti anti ake ali ku ntchito, m'mawa mwake ndinkaopa ngakhale kumuyang'ana kumaso.

Mvula yoyamba inatipeza pa geti, mayeso atayandikira. Galimoto itaima, ankolo aja anatsitsa galasi nkundiitana.

"Bwanji, kamunzake? Bwela, nikupeleke. Unganyowe."

Ndinakana, iwo anaumirira, ndipo mnzanga anandiyang'ana mondipempha. Ndinalowa kumbuyo. M'katimo munkamveka nyimbo za kutchalitchi ndi fungo la mafuta onunkhira. Anakonza kagalasi kakutsogolo mpaka maso awo anandipeza.

"So ndiwe mwine wa buku?"

"Ee, ba ankolo."

"Mumakamba chani pa geti masiku yonse, imwe babili?"

"Va sukulu chabe."

"Ni bwino," anatero akumwetulira. "Chifukwa bana bakazi bokonda kukambakamba sibasiliza sukulu. Naona bambili."

Mnzanga ankangoyang'ana mvula pa galasi. Titalowa mu Burma Road ndinawapempha kuti anditsitse pa msika, koma iwo anati ayi, mpaka pakhomo, akufuna aone pamene ndimakhala. Ndinaganiza zoloza nyumba ya eni, koma mutu sunagwire, chala chinaloza kwathu kwenikweni. Anatsika ndi ambulera, nkupereka moni kwa amayi anga ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Atapita amayi anati pali anthu abwino pa dziko, munthu wa Mulungu ameneyu. Ine ndinathamangira kuchimbudzi kukasanza.

Loweruka amayi anandikhazika pansi pakhonde kuti andiluke tsitsi. Amayi anga ndi a ku Katete, ndipo ngakhale anakhala mu Lusaka zaka zambirimbiri, lilime lawo silinasinthe, dzanja lawonso ayi. Akamaluka ankakoka mpaka nsidze kukwera. Koma ubwino wa kulukidwa ndi wakuti suonana maso ndi wokulukayo. Ndili pakati pa maondo awo, nkhope ili kumsewu, ndinapeza mphamvu.

"Amayi, nikuuzeni nkhani ya mu buku?"

"Mabuku ako aja. Weramitsa mutu, uzinena."

Ndinayamba ndi sitima ndi mlongo wosowa uja, iwo akungoti mhm. Kenako ndinalowetsa loko wochotsedwa, jinzi, bafa, ndowa ya masupuni, ndi anti ogwira ntchito usiku. Ndinkamva zala zawo zikuchepetsa liwiro, mpaka zinaima. Chipeso chinatsala chili chiimire m'tsitsi mwanga.

"Iwe mwana," anatero. "Buku limeneli lili ndi galimoto yoyera?"

Ndinalira mokweza, misozi ya masabata onse aja. Amayi sanandikalipire, sanandifunsenso zambiri. Anamaliza mzere umene anali atayamba, mwina kuti manja apeze chochita, nkunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Theka la mutu linagona losaluka.

Lolemba poweruka ndinawapeza pa geti ndi amayi awiri a kumpingo kwathu, onse atamanga zitenje zolimba. Galimoto itafika, amayi anali atagwira kale mnzanga pa mkono. Anauza ankolo aja kuti mwanayu akagona kwathu, awerenge ndi mnzake za mayeso, ndipo akazi awo abwere tidzacheze. Ankolo sanakangane. Anamwetulira, nkuyang'ana ine, ine ndekha, nthawi yaitali, kenako anakweza galasi. Kumwetulira kumeneko ndimakuonabe ndikatseka maso.

Ndinkayesa kuti mnzanga akondwa. Koma njira yonse mu minibasi sanandilankhule, ndipo titafika anakhala pakona, buku lili m'manja, osalitsegula.

Anti anabwera masana a tsiku lotsatira, atavala yunifomu ya ntchito. Ife anatitulutsa panja, koma nyumba za ku Kabwata sizisunga chinsinsi, tinkamva zonse pa zenera. Amayi analankhula modekha, mophiphiritsa monga amachitira akuluakulu. Anti anakweza mawu.

"Ni mabuku aya! Bamuna banga ni ba dikoni. Uyu mwana namuchosa ku munzi, namudyesa, namuvalika, manje afuna kunipwanyila nyumba?"

Amayi anati ngati zili choncho nkhaniyi ipite kupolisi, akaiweruze odziwa. Pamenepo anamuitana mnzanga. Anagwada pakati pa chipinda, amayi anga, anti ake ndi amayi awiri a kumpingo aja akumuyang'ana, ine ndili pakhomo. Amayi anamuuza kuti asaope, anene zimene zimachitika kunyumba. Ine mumtima ndinkamukuwira kuti nena, nena ngati uja wathu, amene ankati ndikuopa koma nkumapitabe.

"Ninali kukamba va mu buku," anatero, maso ali pansi.

Anamufunsa kachiwiri, kachitatu, yankho lomwelo. Amayi anagwira njakata. Popanda mawu a mwini nkhani, akanapita ndi chiyani kupolisi? Anapempha kuti mwina mwanayo akhale kwathu mpaka alembe mayeso, koma anti anakana kwamtuwagalu. Anati mwana si wathu, ali ndi makolo ake, ndipo wabodza sangagonenso m'nyumba mwawo. Abwerera ku Petauke. Chimene amayi anakwanitsa nchakuti agone kwathu mpaka tsiku la ulendo, katundu wake amubweretsere.

Ndinakwiya naye chifukwa chokana, ndinamumvera chisoni chifukwa cha mayeso, koma pansi pa zonsezo mtima unali utakhala m'malo. Ndinkadziuza kuti sukulu ikhoza kubwerezedwa, chachikulu nchakuti ku Chelstone sabwererako. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri ndinadya nkukhuta.

Tinamuperekeza m'mawa ku siteshoni ya mabasi akuluakulu m'tauni, ine ndi amayi. Anti anali komweko, akukangana ndi okweza katundu, ndipo amayi anapita kukamugulira mnzanga buledi ndi zakumwa za panjira. Tinatsala awiri pambali pa basi, m'phokoso la oitanira anthu a ku Chipata. Ndinamuuza kuti buku atenge, ndamupatsa. Analitulutsa m'chikwama nkundibwezera m'manja.

"Nenze nakuuza va mu buku," anatero. "Nindani anakuuza kuti uvichose mu buku?"

"Nenze nayopa," ndinatero. "Koma manje wapulumuka, si so?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosatuluka mano. Anayang'ana kumene kunali anti ake, nkusendera pafupi ndi khutu langa.

"Uganiza ninakana chifukwa chani? Nenze nifuna nibwelele ku Chelstone. Ba anti bafunika wobagwilila nchito pa nyumba. Bakamba ati Januwale bazatenga mung'ono wanga, ati uja ni womvela, sabelenga mabuku." "Ine nenze naziba mo ikila ndowa. Uja saziba chilichonse."

Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi kuti okwera akwere. Mnzanga anakwera osacheuka, anti akumukankhira kutsogolo. Ine ndinathamanga pakati pa mabasi kufunafuna amayi, ndikugundana ndi anthu, ndikuwaitana mokuwa ngati kamwana kotayika pamsika. Pamene ndinkawapeza pa kantini, buledi ali m'manja, basi inali itatuluka kale pa geti. Anandigwira m'mapewa nkundifunsa chimene chachitika. Mng'ono wake wa mnzangayo anali mu giredi sikisi.