Fupa Lowiritsa Linandichotsa Ntchito ku Dubai

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga ndi moyo m'dziko la eni. Ena amene tinkapemphera nawo mliri wa korona uja usanabwere anatisiya, koma ine ndilipo, ndikupuma, ndipo ana anga ku Ntcheu akudya. Ulemu ukhale kwa Iye. Ndayamba choncho chifukwa zimene ndikufuna kukuuzanizi si zokondweretsa. Ndinapha kanyama ka abwana anga ndi manja anga omwe, ndikuganiza kuti ndikukachitira chifundo, ndipo ntchito yanga inatha chifukwa cha zimenezo.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku JVC, dera lina la mu Dubai, kwa mayi wina wachizungu amene ankakhala yekha. Ndinkangowatcha Madamu. Analibe mwana. Ana awo anali tinyama tiwiri totchedwa fereti. Inu owerenga amene simunationepo, ganizirani likongwe: thupi lalitali, miyendo yaifupi, ndi kafungo ka kanyimbi pang'ono. Tsiku loyamba ndinaseka mumtima. Kwathu likongwe timamugenda chifukwa amatha anapiye, koma kuno ankagona pa kansalu kolendewera, m'chipinda choziziritsidwa ndi makina. Mayina achizungu a tinyamato ankandivuta, ndiye ndinatipatsa anga. Koyera ndinkakatcha Katulo, poti ntchito yake inali kugona. Kofiirira kanali Kambava. Chilichonse chogwa pansi kankachikoka n'kukabisa: masokosi, siponji yotsukira mbale, ngakhale mpango wanga wopempherera unasowa choncho.

Sindibisa, ndinatikonda. Ukamakhala m'nyumba ya munthu wina, mlungu wathunthu osalankhula chinenero chako, kanyama kokuthamangira ukatsegula chitseko kamasanduka m'bale.

Mliri wa korona utayamba kumveka, Madamu anakwera ndege kukaona mayi awo amene ankadwala kwawo. Anati sachedwa. Ndege zinaimitsidwa asanabwere. Mzinda nawonso unatsekedwa, munthu sankatuluka pakhomo popanda chilolezo chopempha pa foni. Ndinatsala ndekha ndi Katulo ndi Kambava pa nsanjika yapamwamba, n'kumayang'ana misewu yopanda galimoto.

Kumene anali kuja, Madamu anali ndi nthawi yambiri yowerenga. Tsiku lina anandiimbira pa vidiyo n'kundiuza kuti chakudya chouma cha m'matumba chija si chabwino kwa tinyamato, komanso chayamba kusowa m'mashopu. Anati kuyambira tsopano tizidya nyama yaiwisi ngati tinzake takutchire: mapiko a nkhuku, makosi, mitima, ndi chiwindi pang'ono. Anaitanitsa nyamayo pa foni, wa njinga yamoto n'kudzaisiya pakhomo. Anandiuza kuti ndiyambe pang'onopang'ono. Ndigaye nyama ndi madzi ikhale ngati phala, ndizitipaka pakamwa ndi chala, kenako ndizitipatsa tizidutswa, pomaliza mafupa. Anabwereza kuti yaiwisi, yaiwisi. Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoti inde Madamu, monga tinazolowerera.

Phala lija linayenda movuta. Fereti kakazolowera chakudya chimodzi kuyambira kali kakang'ono, china sikachiyesa chakudya. Katulo kankalavula n'kumapukuta pakamwa pa kapeti ngati ndakapatsa mankhwala. Kambava ndi kamene kanalandira msanga. Koma titafika pa mitima ndi mapiko, mtima wanga unayamba kundivuta.

Ine ndinakulira m'nyumba imene magazi sitinkasewera nawo. Bambo anga akazinga nkhuku ankakwirira magazi ake ndi dothi. Ankati moyo uli m'magazi, ndipo mwini moyo ndi Mulungu. Tsopano ineyo ndinkadula mitima yochucha ndi manja omwewo amene ndimatsegulira Mawu a Mulungu m'mawa. Kuwonjezera apo, m'gulu lathu la pa foni la amayi a mpingo mauthenga ankagwa ngati mvula: matendawa achokera ku nyama zaziwisi, wiritsani chilichonse, imwani ndimu. Ine ndinkatsuka ndi sopo ngakhale matumba ochokera kushopu. Ndinkaganiza kuti tinyamati tikadwala, inenso ndikadwala, adzatitsegulire ndani chitseko?

Ndiye ndinawiritsa. Ndinaika mapiko mumphika, ndinawasiya abwate mpaka magazi onse atatha, ndinawaziziritsa. Tinyamato tinadya mokondwa, ngakhale Katulo. Ndinagwada m'khitchini kuthokoza kuti Ambuye andipatsa nzeru. Ndinaiwala kuti si njira iliyonse yooneka yowongoka imene imamufikitsa munthu kwawo.

Patapita masiku, Madamu anapempha kuti aone tinyamato pa vidiyo tikudya. Ndinawaonetsa mbale monyadira. Ataona mapiko otuwa aja anakuwa mpaka mawu anawathera. Apo m'pamene ndinamva chifukwa chija. Fupa laliwisi ndi lofewa, kanyama kamalitafuna n'kuligaya m'mimba. Lophika limauma, limasweka ngati galasi, ndipo tizidutswa take timabaya matumbo. Ndinalanda mbale, ndinataya zonse, ndinasesa, ndinapepesa. Madamu anayang'anitsitsa tinyamato tikuthamangitsana pabalaza, anausa moyo, anati tapulumuka.

Tonse awiri tinaiwala khalidwe la Kambava.

Chakumapeto kwa mlungu womwewo, m'mawa, Kambava sikanabwere kudzandichingamira. Ndinakapeza pansi pa sofa katadzipinda, kakukukuta mano, malovu akutuluka. Ndikakagwira pamimba kankalira motsitsa. Chimbudzi chake chinali chakuda ngati phula. Ndinaimbira Madamu, foni inali yozima. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo mayi awo anali atathamangira nawo kuchipatala.

Ndinaganiza zothamangira nako kwa dokotala wa ziweto. Koma chilolezo chotulukira chinkafuna nambala ya chitupa changa, ndipo chitupa changa ndi pasipoti zinali m'kabati ya Madamu, yokhoma, kiyi ali nayo kutsidya kwa nyanja. Nambalayo sindinkaidziwa pamtima. Chipatala chake sindinkachidziwanso, chifukwa ankapita nato ndi Madamu okha.

Ndinakakulunga m'thaulo, ndinavala masiki, ndinatsika. Pageti pankagwira a Mwale, mlonda wa nyumba yathuyo, bambo wa ku Dedza amene ankandipatsa moni wakwathu ndikamakataya zinyalala. Anasuzumira m'thaulomo.

"Chemwali, mwagwira likongwe? Ndiwo zasowa mpaka pamenepa?"

Ataona nkhope yanga anasiya kuseka.

"Achimwene, kakufa. Ndithandizeni."

"Ine pano sindingachoke, kamera iyo ikundiona. Inunso mukatuluka opanda chilolezo akugwirani musanafike pamphambano apo, ndipo chindapusa chake simungachikwanitse. Dikirani tiyese mafoni."

Anaimbira mnzawo woyendetsa galimoto ya kampani ku Ras Al Khor, iye anati galimoto zonse zaimikidwa. Anaimbira wa takisi wina amene ankamudziwa, anangoti inshallah, Mulungu akalola, mwina mawa. Anafufuza nambala ya chipatala cha ziweto. Kumeneko anati kanyamako musakapatse chilichonse, bwerani nako msanga, koma iwo sangatumize galimoto mwini wa kanyamako asanavomereze. Pomaliza a Mwale anavula chipewa, tinapemphera pomwepo, iwo mbali iyo ya tebulo, ine mbali ino.

"Chibadwire sindinapemphererepo likongwe," anatero titamaliza. "Koma Mlengi wake ndi yemweyo."

Ndinakweranso. Ndinakhala pansi m'khitchini, kanyama pamiyendo, foni pambali. Inu owerenga, ine ndakhalapo pa matenda kwathu. Kumeneko umathamanga, umabwereka njinga, umagogoda kwa oyandikana nawo, chochita chimakhalapo ndithu. Koma kuno ndinali mumzinda wa misewu yosalala ndi zipatala zowala, ndine munthu wamkulu wa miyendo iwiri, osatha kudutsa msewu umodzi. Ndinakumbutsa Mulungu kuti Iye amasamala ngakhale mpheta. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndinkazikumbukira. Katulo kankabwera kudzanunkhiza mnzake n'kumakakoka pakhosi kuti akasewere. Mpweya wa Kambava unkachepa ndikuumva m'manja mwanga, ndipo foni inangoti zii.

Madamu anayankha dzuwa litapendeka. Anaimba uku ndi uku, mpaka kunabwera galimoto yonyamula ziweto. Dalaivala wovala magolovesi analandira thaulo lija pageti, ine sanandilole kukwera. Kambava kanafera pa tebulo la dokotala. Anapeza kachidutswa ka fupa lophika katabowola matumbo.

Madamu atandiimbira kundiuza zimenezi, ndinalumbira kuti chitayire mapiko aja sindinawiritsenso kanthu, ndipo zinali zoona. Madamu anangodula foni. Mawa lake, pofuna kuti manja akhale ndi chogwira, ndinasuntha makina ochapira kuti ndikolope. Kuseri kwake ndinapeza nkhokwe ya Kambava: masokosi, siponji, mpango wanga uja, ndipo pamwamba pake mapiko owiritsa, ouma gwa, limodzi lodyedwa theka. Kanali katabisa chuma chake kuti kadzadye tsiku lina. Ndinakhala pansi pompo n'kulira, ndipo panalibe woti andiletse.

Ndege zitayambanso kuyenda Madamu anabwera, ataika mayi awo m'manda. Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Ankangondidutsa m'nyumbamo ngati ndine mpando. Anandisunga kanthawi chifukwa Katulo, chifere mnzake, kankakana kudya pokhapokha kakamanyambita pa chala changa. Ndinayambiranso nako pa phala, kenako tizidutswa, mpaka kanayamba kutafuna mapiko aawisi pakokha. Ndinkadziwa kuti tsiku limene kadzadye popanda ine ndi limene ndidzachoke, koma ndikanatani? Sindikanalola kanyama kachiwiri kafe.

Tsikulo litafika anandiitana pabalaza. Anaika pasipoti ndi chitupa patebulo. Anati sakundida, koma akandiyang'ana amaona mbale ya mapiko otuwa ija. "Khalas," anatero, ndiko kuti zatha.

A Mwale anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu. Ndinakakhala ku Satwa, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, kwa amayi a mpingo, pa nthawi imene anthu ankachotsedwa ntchito paliponse. Miyezi imeneyo sindinatumize kanthu kumudzi. Mayi anga anagulitsa mbuzi kuti ana adye, ine pafoni n'kumawauza kuti ndili bwino. Pano ndikukolopa m'maofesi, ndipo ndikuthokoza.

Mpaka lero ndimagona ndi funso limodzi. Madamu akanangonena chifukwa chake tsiku loyamba lija, kapena ine ndikanangofunsa, bwenzi kanyama kaja kali moyo. Kwathu tinaphunzitsidwa kuti kufunsa wamkulu kuti chifukwa chiyani ndi mwano. Timavomera ndi pakamwa, kenako timakonza tokha mwakachetechete zimene tikuona kuti sizili bwino. Alongo anga amene mukugwira m'nyumba za anthu, khalidwe limeneli ndi limene linandigwetsa. Lamulo likakuvutani mumtima, nenani. Ndikanati, Madamu, magazi amandivuta, ndipo ndikuopa matenda, mwina akanandiuza kuti ndivale magolovesi, nkhani n'kuthera pompo.

Ngati mwapatsidwa tinyama totere kuti mutisinthire ku nyama yaiwisi, pitani nato pang'onopang'ono, ndipo fupa lophika lisayandikire pakamwa pake. Tikamadya muzikhala pomwepo. Zotsala muchotse, ndipo musuzumire kuseri kwa katundu, chifukwa timabisa. Dziwiranitu kumene kuli dokotala wake zinthu zisanavute. Chitupa chanu chizikhala ndi inu, ngakhale abwana akhale abwino chotani. Madamu sanali munthu woipa, koma tsiku la tsoka chitupa changa chinali chokhomeredwa.

Kwa okhulupirira anzanga ndinene ichi mwamantha. Zimene bambo anga anandiphunzitsa za magazi zinali za ine munthu. Kanyama kaja Mlengi anakapatsa mano akuthwa ndi mimba yake, ndipo anaona kuti zili bwino. Ine ndinakasenzetsa chikumbumtima changa, n'kumachitcha chifundo. Ndinapempha chikhululukiro ndipo ndikukhulupirira kuti ndinachilandira, koma kanyamako sikanadzuke.

Mpango uja ndinauchapa. Uli ndi timabowo ta mano m'mphepete, ndipo ndi umene ndimavala popemphera.

Mulungu wa mtendere akusungeni m'nyumba za eni mmene mukugwira ntchito. Akupatseni pakamwa pofunsa musanachite. Tsiku limene zitseko zonse zidzakutsekekereni, akuimikireni pageti munthu wolankhula chinenero chanu. Adalitse ana anu kumudzi, adalitse manja anu, ndi chamoyo chilichonse chimene chaikidwa m'manjamo. Ameni.