Tsamba Lokulungira Mandasi

Ndikukumbukira bwino lomwe, ndipo wokayika abwere kwathu ku Soche adzaone yekha, chifukwa ine sinditaya pepala. M'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi langa muli chiphaso cha ubatizo, makalata onse a kuntchito, ndi tsamba limodzi la m'kope lokhala ndi banga la mafuta pakati.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalemba buku langa loyamba. Ndinkalitcha buku ngakhale linali kope wamba la kusukulu. Aphunzitsi athu a Chichewa, a Magombo, analonjeza kuti Lolemba adzawerenga nkhani zathu pamaso pa kalasi yonse, koma anachenjeza kuti munthu mmodzi akangoyasamula, atseka kope n'kutenga la wina. Ine sindinaope. Masamba asanu ndi limodzi oyambirira ndinawasamalira kwambiri: phiri la Soche m'mamawa, nkhungu ya chiperoni, ndi mayina a makolo a mtsikana wa m'nkhaniyo mpaka agogo a agogo ake.

Mayi ankagulitsa mandasi pa depoti ya ku Limbe, ndipo ankakulungira m'mapepala a makope athu akale. Loweruka m'mawa anatenga kope langa pazenera. Sankadziwa kuwerenga, ndiye kwa iwo kope lodzaza linali kope lotha ntchito.

Ndinathamanga kuchokera ku Soche mpaka ku Limbe, misozi njira yonse. Ndinapeza atang'amba kale masamba asanu ndi awiri. Koma ndisanatsegule pakamwa kuti ndidandaule, ndinaona zimene sindinazionenso mpaka lero.

Basi ya ku Mulanje inali itadzaza, injini ikulira, koma dalaivala wake, Che Amidu, bambo wamtali wa chisoti choyera, anali chiimire pa beseni la mayi. Dzanja lina linagwira mandasi osalumidwa, lina pepala langa.

"Mayi, tsamba lotsatira lili kuti?"

"Gulani ena, ndikukulungirani momwemo," anatero mayi.

"Mandasi ndili nawo. Ndikufuna mtsikanayu. Anawalondola bambo akewo kapena anathawa?"

Linali tsamba lachisanu ndi chiwiri, pamene ndinayambira mutu wachiwiri. Mzere wake woyamba unali uwu: "Patatha masiku atatu chiikire maliro a bambo ake, Esinati anawaona akugula mchere mumsika wa Limbe."

"Adalaivala, kodi tigona pompano?" wina anakuwa m'basimo.

Che Amidu anangotembenuka n'kuwerenga mzere uja mokweza. Phokoso lonse linatha. Kenako mayi wina wa nkhuku pamiyendo anatulutsa mutu pazenera.

"Iii! Ndiye m'mandamo anaikamo ndani?"

Anthu akuluakulu, a maulendo awo ndi akatundu awo, ankadikira mawu amene ndinalemba ine nditagona chafufumimba pamkeka.

Kondakitala anati iyenso anagula mandasi m'mawa. Ndinamupempha tsamba lake.

"Za phiri zija? Ndapukutira m'manja, mphwanga. Phiri ndimaliona tsiku ndi tsiku."

Munthu ameneyo sindinamukhululukirebe. Pa tsambalo panali nkhungu imene ndinailemba katatu.

Che Amidu atamva kuti wolemba ndine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Ndi timiyendo tafumbiti?" Anandikweza pakhomo la basi, ndipo ndinawerenga tsamba lachisanu ndi chitatu. Pondibwezera pepala la mafuta lija anati, "Phirilo usalibwezeremo. Basi sinyamulira anthu kugalaja, imapita pamene aima."

Sindinamvere msanga. Lamulungu lonse ndinakhalira kulembanso masamba otayika aja, ndipo Lolemba ndinafika nawo mpaka pakhomo la kalasi. Pamenepo ndinakumbukira nkhope ya mayi wa nkhuku, ndipo ndinawapinda n'kuwabisa m'thumba la kabudula. A Magombo ananunkhiza kope langa, kalasi inaseka, kenako anawerenga mzere woyamba wa tsamba la mafuta lija. Palibe anayasamula. Belu litalira, anyamata a kumbuyo, amene ankathawa ngakhale mapemphero, anapempha kuti apitirize.

Tsopano ndinapuma pantchito, ndipo ndikulemba buku lenileni. Adzukulu anga amati owerenga a masiku ano alibe chipiriro chifukwa cha mafoni. Zimenezo zimandikwiyitsa. Che Amidu analibe foni. Wowerenga wakhala ali pa ulendo kuyambira kale, injini ikulira, ndipo sadzaima chifukwa choti iwe unavutika polemba nkhungu. Amaima akaona munthu amene zinthu zamusokonekera kale.

Ndikamaliza tsamba loyamba ndimaliika pambali pa la mafuta lija n'kudzifunsa: ili atakulungiramo mandasi, basi ingadikire? Sabata yatha yankho linali ayi, ndipo ndinachotsa masamba khumi ndi limodzi. Sindinawataye. Ali m'sutikesi, pamodzi ndi phiri.