Poikira Nkhuku za Che Usumani

Che Usumani a ku Ntaja anapha nsomba pa nyanja ya Chiuta zaka makumi awiri, mpaka nyamakazi inawatulutsa m'bwato. Miyendo inafooka, koma pakamwa ayi. Atapeza misoti isanu ya Mikolongwe, yakuda bii, analengeza potuluka mumzikiti kuti mvula isanagwe boma liwalemba uchikumbe. Anzawo anaseka. Iwo anangokonza kofia.

Alangizi a zaulimi, a Pitala, anati adzabwera Lachinayi ndi gulu la alimi kudzaona poikira nkhukuzo. Akakhutira, dzina lipita ku ofesi. Eee, Che Usumani anachita ngati linthumbu lawalowa! Dengu anakana. Mphika wosweka umene akazi awo, Abiti Sidik, anawapatsa, anaukankha ndi phazi.

"Nkhuku za boma ziikire m'phale? Iyayi, mayi!"

Anakhoma mabokosi a matabwa, nkuwapaka penti yobiriwira, nkuwakweza pathandala poyera, khomo kuloza kumsewu kuti aliyense wopita kumsika aone. Anthu anaonadi. Nkhuku zokha n'zimene zinkangodutsa ngati sizikuwadziwa.

"Bambo, inuyo mungasambe pamsewu?" anafunsa Abiti Sidik.

"Nkhuku ilibe manyazi."

"Kaifunseni."

Mayiwo anali atakokera kale mono wakale wophera nsomba pansi pa nkhokwe, atakuza khomo lake, nkuyalamo udzu. Mazira onse ankatuluka m'menemo.

Lachinayi m'mawa Che Usumani anagwada, nyamakazi ikulira, nkusamutsa mazirawo: bokosi lililonse awiriawiri. Alendo atafika, mwini khomo anayamba kufotokoza za matabwa, za misomali, za penti, thukuta lili kamukamu. Ali mkati, thadzi linatuluka pansi pa nkhokwe likutetera mokweza ngati likuitanira msonkhano. A Pitala anawerama, nkupisa dzanja mumono muja, nkutulutsa dzira lotentha. Kenaka anagwira la m'bokosi. Lozizira.

Che Usumani anangokonza kofia.

"Anaganiza izi ndani?" anafunsa alangizi. "Muli mdima, mphepo ikulowa, khwangwala saona. Utitiri ukachuluka, kungotentha nkuluka wina. Alimi, bwerani muone!"

Alimi anaunjikana, ena chogwada, ena chokwawa. Che Usumani anatsegula pakamwa kuti anene kuti "ine", koma maso a amayi onse a pamudzi anali pa iwo.

"Monowo ndinaluka ndine," anatero motsitsa. "Nzeruzo n'za mayiwa."

A Pitala analemba dzina la Abiti Sidik. Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo.

Alendo asanachoke, Che Usumani anali atayamba kale kung'amba nsungwi, uku akuuza aliyense kuti pa Ntaja ponse mwamuna wa mchikumbe ndi mmodzi yekha, ndipo wofuna mono wa nkhuku aime pamzere.