Dimba Limene Amalume Anapatsa Mwana Wawo

Chaka chimene ndinalowa Fomu 2, amalume anapuma pa ntchito ya ukalaliki ku Boma la Dedza n'kulengeza kuti akukakhala ku Halale. Kumeneko kunali mkazi wawo wachiwiri ndi nyumba ya magetsi. Ankati chisanu cha kwathu kuno chawalowa m'mafupa, akufuna kukakalambira kumene buledi amachita kukupeza pakhomo.

Zopitazo zinali zawo. Chimene chinandiwawa n'chakuti asananyamuke anapereka dimba lathu kwa mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, wokulira m'tauni. Dimbalo linali la mbumba, ndipo kachewere wa m'menemo ndiye ankandiphunzitsa sukulu. Kwathu mwana salowa munda wa kwawo kwa bambo ake. Koma amalume anali ndi anzawo m'chipani, ndipo munthu wotere sunkamutsutsa pagulu.

"Achimwene, nanga mwanayu aphunzira ndi chiyani?" anafunsa amayi.

"Ameneyu ndi wamkazi, kuwerenga akudziwa kale. Mbewu zanu sindizula ayi. Mukatha kukolola, mutulukemo."

Ananena zimenezi akuluakulu a m'mudzi ali pomwepo, onse anamva. Tsiku la ulendo ndinawasenzera sutikesi mpaka kumsewu, ndikupempha chamumtima kuti nsikidzi zonse za ku Halale zikawalandire ndi manja awiri.

Pobwerera ndinadzera kudimba, mawu awo akundizungulira m'mutu. Iwo ankaganiza za munda wa chimanga, umene umakololedwa kamodzi n'kutsala mapesi. Dimba la m'mbali mwa mtsinje silitero. Ndinauza amayi maganizo anga, iwo anangoti, "Katenge khasu."

Kachewere tisanakumbe, tinabzala nsawawa m'mphepete. Nsawawa zisanakhwime, tinawokera kabichi. Kabichi asanamange, anyezi anali atamera kale chakumunsi. Pa tchuthi cha nyengo yozizira ndinkathirira mpaka zala kung'aluka, ndipo madzi akaluma m'ming'alumo ndinkakumbukira nkhope ya amalume n'kukatunganso ena.

Msuweni wanga ankabwera pa njinga, atavala nsapato zoyera ngati akupita ku ukwati.

"Mkazi wanga, mwatha kukolola?"

"Amuna anga, simukuona nokha? Kapena maso munatsanzikana nawo limodzi ndi bambo anu?"

"Mwezi watha munati mwatsala ndi kabichi yekha."

"Kabichiyo anabereka anyezi. Mukufuna ndiwazule ali akhanda?"

"Iwe mtsikana, pakamwa pamenepo sudzakwatiwa napo."

"Si inu munandikwatira kale? Gwirani chitini ichi muthirire, muonetse chamuna."

Chisuweni chimalola kunyozana, choncho ankangoseka. Atatopa anakadandaula kwa akuluakulu aja. Iwo, amene anadzimvera okha mawu a tsiku lija, anamuyankha mofatsa kuti mawu a bambo ake sangawasinthe bambowo palibe. Akafuna, akawatenge ku Halale adzanene okha.

Amalume sanabwere. Munthu wina wochokera kumeneko anatiuza kuti amakhala m'nyumba yosanja, miyendo inatupa, masitepe satsika. Amangokhala pawindo kuyang'ana magalimoto, ndipo amadzala mpiru m'chitini cha penti. Amayi anapukusa mutu mwachisoni. Ine ndinafunsa ngati mpiruwo ukumera, ndipo nditamva kuti ndi wachikasu, ndinadya bwino tsiku limenelo.

Chaka chachitatu msuweni anabwera wapansi, njinga atagulitsa. Anakhala pamzere, n'kuthyola nsawawa zathu kumadya zaziwisi.

"Ndikupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu. Matope anuwa khalani nawo."

"Muyende bwino, amuna anga. Makokowo mutole."

Mayeso a Fomu 4 ndalemba, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikhoza. Ndimapempherera amalume kuti Mulungu awasunge ndi moyo. Ndikadzayamba ntchito ndidzakwera basi ya ku Halale, ndidzakwera masitepe awowo, ndipo moni ndidzawapatsa nditaimirira.