Ndinasesa Umboni Wanga

Mu mzere wathu wa mashopu pa boda ya Mchinji, ine ndekha ndinali ndi inshuwalansi, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa ndinkalengeza ndekha. Osintha ndalama ankadziwa, madalaivala a mathiraki odikira mapepala ankadziwa, ngakhale amayi a ku Chipata odzagula sopo ndinkawauza powapatsa chenji. Ndinkagulitsa zitenje, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mapoto basi, koma mukanandimva ndikulankhula mukanati ndili ndi fakitale.

Amuna anga sanagwirizane nazo. Iwo ndi mlimi wa fodya ku Mkanda, ndipo ndalama zimene ndinalipira zinali zogulira feteleza. Bambo wa kukampani ya inshuwalansi atanena kuti ndikawonjezera pang'ono adzandilipira ngakhale shopu itawonongeka pa zipolowe, ndinawonjezera osafunsa kunyumba. Amuna anga atamva anangoti, "Ndiye fodya wa chaka chino tithira pepala lanulo?" Ndinawayankha kuti tsiku lina adzandithokoza atagwada.

Tsikulo linafikadi. Zionetsero zokwiya ndi kukwera mitengo kwa zinthu zinayambira ku boma, koma pofika kwathu zinali zitasanduka zina. Tinamva malikhweru ndi nyimbo, kenako utsi wokhetsa misozi. Ndinakhoma chitseko n'kukabisala kuseri kwa thiraki, nsapato imodzi ili m'manja. Pobwerera ndinapeza chitseko chili pansi, magalasi onse atasweka, mashelefu atagwa, mafuta atasakanikirana ndi shuga, khoma litada bii ndi utsi wa tayala limene anawotcha pakhonde. Ndinalira mokweza, kulira kwenikweni. Koma pakati pa misoziyo kamtima kena kankandinong'oneza kuti tsopano aona amene ali ndi nzeru.

Mnzanga wina woyandikana naye, wothandiza anthu kutulutsa katundu pa boda, anatulutsa foni kuti ajambule. Ine tsitsi lili nyankhalala, chitenje chili mafuta okhaokha. Ndinamukalipira kuti, "Achimwene, mukufuna dziko lonse lizindiseka pa mafoni? Bwezani m'thumba!" Anabweza, n'kupepesa.

Kwathu kuno tsoka likagwera munthu, anthu sadikira kuitanidwa. M'mawa mwake amayi a kumpingo anafika ndi matsache ndi zidebe monga amachitira pamaliro. Anawatsogolera mayi wamkulu wa gulu lathu, yemwe anandilangiza ndikulowa m'banja, munthu amene sindinamuyankhepo mawu awiri chibadwire. Anakhala pansi, anandipepesa mmodzimmodzi, anaimba nyimbo imodzi, kenako anamanga zitenje m'chiuno. Nthawi yomweyo ndinali pa foni ndi a kukampani, ndipo bamboyo ananena momveka bwino kuti, "Musakhudze chilichonse, mayi. Tituma munthu adzaone."

Ndinacheuka. Mayi wamkulu uja anali atawerama, akutola magalasi ndi manja awo okalambawo. Kodi munthu ungayambire pati kuwauza kuti, amayi, siyani, zinyalalazi ndi ndalama? Akanamva bwanji, iwo atasiya mtedza wawo m'munda kudzandithandiza? Ndinayankha pa foni kuti chabwino, ndamva. Kenako ndinatenga tsache nanenso, ndipo ndinasesa kuposa onse kuti asanene kuti mwini wake ndi waulesi. Magalasi tinakawakwirira kudzenje kuti ana angadzicheke.

Munthu wodzaonayo anachedwa. Amuna anga anabwera pa njinga ndi hamala ndi misomali, anadzutsa chitseko, anakhoma mashelefu, ndipo m'mazenera tinaikamo magalasi ena. Lamulungu abusa analalikira za kuba mpaka thukuta, ndipo kuyambira pamenepo katundu wina anayamba kubwerera yekha. Ndinkati ndikafika m'mawa, n'kupeza zitenje zitapindidwa bwino pakhomo, kapena poto atavundikiridwa pakhonde. Makolo ena anali atafufuza pansi pa mabedi a ana awo. Anzanga a malonda nawonso anandibwereka, uyu katoni ya sopo, uyu belo la shuga, akuti ndidzabweza ndikapeza. Zonsezo ndinaziyala pa mashelefu motalikitsa kuti ziwoneke zambiri.

Uthenga utafika woti mlendo wochokera ku Lilongwe abwera mawa, ndinayang'ana khoma lakuda lija ndipo manyazi anandigwira. Munthu wa m'tauni, wa taye, adzapeze malo anga ali ngati khola la nkhumba? Ndinagula laimu n'kupaka khoma lonse. Pakhonde ndinapakapo polishi wofiira. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi, ndinaika chakumwa chozizira pambali. Kunena zoona, shopuyo sinakongolepo choncho ngakhale tsiku limene ndinaitsegula.

Mlendoyo anatsika galimoto, bambo wofatsa wa magalasi m'maso, n'kulunjika ku shopu yoyandikana ndi yanga. Imeneyo inali ya bambo wogulitsa zipangizo za njinga, yemwe analibe inshuwalansi ndipo anangotaya mtima n'kubwerera kumudzi, kusiya zonse zili mbwee. Mlendoyo anayamba kujambula, akupukusa mutu mwachisoni. Ine ndinathamanga.

"Bambo, mwasochera! Imeneyo si yanga ayi. Yanga ndi iyi."

Ndinanena monyada, dzanja likuloza khoma loyera mbee. Anayang'ana shopu yanga, anayang'ana ine, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Mayi, zipolowezo zinafika muno?"

"Zinafika, bambo. Munali moipa, simukanalowamo."

"Zithunzi muli nazo?"

Mnzanga wa foni uja anali ataima chapafupi. Anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

"Nanga magalasi osweka ali kuti?"

"Tinakwirira."

"Katundu ali m'mashelefuyu?"

"Wina ndi wobwereka, wina anabwerera."

"Anabwerera bwanji?"

"Abusa analalikira."

Analemba nthawi yaitali. Kalata ya kupolisi imene ndinamuonetsa inangonena kuti shopu inathyoledwa, osati chimene chinatayika, ndipo iye anati kampani siingalipire zimene maso ake sanaone. Anazungulira kufunafuna chilichonse chondithandizira, mpaka anapeza zenera limodzi lakumbali limene tinatseka ndi katoni chifukwa galasi lake silinapezeke. Analijambula kutsogolo, analijambula cham'mbali, anagwada n'kulijambulanso. Kenako anamwa chakumwa chija, anayamikira ukhondo wanga, napita.

Chipukuta misozi chinabwera patapita miyezi, chokwanira galasi limodzi ndi loko. Amuna anga anabwera kudzaika galasilo okha. Atamaliza analigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Muzilipukuta bwino, mayi. Feteleza wathu ndi ameneyu." Chaka chimenecho fodya wawo anali wachikasu ndi wopyapyala, ndipo ndinkati ndikadutsa m'mundamo ndinkayenda mofulumira. Sanagwade, ndipo ine sindinawakumbutse.

Mkwiyo ndinali nawo wambiri, koma ndinasowa woupatsa. Achinyamata othyola shopu sindinawaone nkhope. Bambo wa kukampani anandichenjeza ndi pakamwa pake. Wotsala anali mayi amene anagula laimu ndi ndalama zake, ndipo ameneyo ndimagona naye ndi kudzuka naye.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wamkulu uja anandikokera pambali. Chala chawo chimodzi chinali ndi chipsera, pamene galasi langa linawacheka tsiku losesa lija. Sankadziwa mmene nkhani inathera, ndipo palibe amene analimba mtima kuwauza. Anandigwira dzanja, nkhope ili ndi chiyembekezo.

"Mwana wanga, alendo ako a ku Lilongwe aja anabwera? Sitinakuchititse manyazi? Anapeza poyera?"

Ndinayang'ana chipseracho.

"Anapeza poyera, amayi," ndinatero. "Anayamikira kwambiri."